Bwalo la Mafunso: Ana akaseka chidakwa cha m'sewero, kodi aphunzirapo kanthu?

Makalata amene atipeza mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, ndiyo ya zisudzo zophunzitsa achinyamata kuipa kwa kumwa mowa mwauchidakwa. Tasankhapo asanu, ndipo ena tawafupikitsa. Monga mwa chizolowezi cha tsamba lino, mayina a olemba sitiwatchula.

Funso: Ndine mphunzitsi wa Life Skills pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza, ndipo ndimayang'aniranso kalabu ya zisudzo. Teremu yatha tinakonza sewero la mnyamata wanzeru wa Folomu 3 amene anayamba kumwa mowa chifukwa cha anzake, analephera mayeso, anaba mbuzi ya amake, ndipo pamapeto pake anagundidwa ndi galimoto akuchokera kumowa. Tinamaliza ndi maliro komanso ulaliki wa abusa. Chimene chandikhumudwitsa n'chakuti ana anaseka kuyambira poyamba mpaka pamaliro pomwe, ndipo kwa masabata awiri sukulu yonse inkatsanzira kudzandira kwa mnyamata uja. Amene anasewera gawolo tsopano watchuka kuposa mtsogoleri wa ophunzira. Kodi tinalakwitsa pati?

Yankho: Aphunzitsi, musadziimbe mlandu kwambiri, chifukwa sewero limene mwafotokozali ndaliona kambirimbiri m'masukulu, m'matchalitchi ndi pa misonkhano ya mabungwe, ndipo inenso ndinalikonzapo ndisanamere imvi. Mayina amasintha, mbuzi nthawi zina imakhala wailesi kapena thumba la feteleza, koma njira ndi yomweyo: mwana wabwino, anzake oipa, botolo, kenako bokosi la maliro.

Taganizirani zimene mwana wa Folomu 1 anaona atakhala pansi pa mtengo tsiku limenelo. Kwa mphindi 30 anaona kuti womwa mowa ndiye ali ndi anzake, ndiye wa nthabwala, ndiye amayankha akuluakulu mopanda mantha, ndipo ndiye amene bwalo lonse likumuombera m'manja. Wosamwa uja, ngati analimo m'seweromo, ndikukhulupirira kuti anali atapisira malaya bwinobwino, akulankhula ngati akuwerenga notsi za m'kalasi, ndipo lero palibe amene akukumbukira dzina lake. Imfa inabwera m'mphindi zitatu zomaliza, ana atasankha kale munthu womukonda. Pa bwalo la zisudzo amene waseketsa anthu ndiye wapambana, ngakhale mutamuika m'bokosi pamapeto.

Vuto lina ndi imfa yomweyo. Pafupifupi mwana aliyense amene anaonerera ali ndi malume kapena woyandikana naye nyumba amene wakhala akumwa kwa zaka 20 ndipo akadali moyo, mwinanso ali ndi golosale ndi njinga yamoto. Choncho mukamuuza kuti botolo loyamba limathera kumanda, amayerekeza mawu anu ndi zimene maso ake amaona, n'kugamula kuti akuluakulu akungoopseza monga amachitira masiku onse. Zimenezi si za kuno kokha. Ku America, pulogalamu yotchedwa D.A.R.E., imene inayamba mumzinda wa Los Angeles mu 1983, inkatumiza apolisi m'makalasi kukachenjeza ana za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, ndipo inafalikira m'masukulu ambiri a dzikolo; koma ofufuza atawatsatira anawo kwa zaka zingapo anapeza kuti ophunzitsidwawo sankasiyana kwenikweni ndi amene sanaphunzitsidwe. Zoti mowa ndi woipa mwana amazidziwa kale. Chimene sadziwa ndi mawu oti anene pamene munthu amene amamukonda wamupatsira botolo anthu akuona.

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo m'dziko muno. Mu 1981 gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College ku Zomba linapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba, kumene linakonza timasewero tochokera pa mavuto a anthu a m'deralo. M'zaka zotsatira ntchito yotereyi inakula m'midzi yozungulira Liwonde pa nkhani za umoyo, monga zitsime ndi zimbudzi, ndipo aphunzitsi a zisudzo Chris Kamlongera ndi David Kerr ndi ena mwa amene anaitsogolera n'kulemba za iyo. Phunziro lalikulu la ntchito imeneyi linali lakuti sewero likabwera ndi yankho lophikaphika, anthu amaomba m'manja n'kubwerera kwawo osasintha kanthu, koma likaima panjira n'kufunsa eni mudzi kuti nkhaniyi ithe bwanji, pamabuka mtsutso, ndipo mumtsutsomo ndi mmene mumachokera zochita. Katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, Augusto Boal, anafika pa mfundo yomweyi mu 1973 ali ku Peru, pamene mayi wina woonerera anakwiya kuti osewera sakuchita bwino zimene iye ankawalangiza, ndipo Boal anamupempha kuti akwere yekha pa nsanja aonetse. Kuyambira pamenepo oonerera masewero ake anayamba kusanduka osewera.

Ndiye teremu ikubwerayi musayambe ndi kulemba. Atumeni ana a m'kalabu kuti kwa masabata awiri angofunsa ndi kumvetsera, popanda kulemba dzina la munthu aliyense. Afufuze kuti anzawo amamwa mowa wanji, amaugula kuti ndipo pa mtengo wanji, ndalama amazipeza bwanji, amamwa tsiku liti, ndipo amene anawalawitsa koyamba anali ndani. Inu musakhalepo pamene akufunsa, chifukwa mwana sauza mphunzitsi zoona pa nkhani imene ingamuchotsetse sukulu. Pa sukulu ina imene ndinathandizako, aphunzitsi ankakhulupirira kuti vuto ndi anyamata oipa a pamsika, koma ana anabwera ndi nkhani ina: ambiri analawa koyamba atatumidwa ndi makolo awo kukagula kachasu, ena analawira pa ukwati kapena pomanga chiliza, ndipo amene ankagonera m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu ankamwa kwambiri Lachisanu chifukwa panalibe wamkulu wowayang'anira. Mwinanso mudzapeza kuti ana amaganiza kuti anzawo omwa ndi ochuluka kuposa mmene alili, pakuti womwa mmodzi amamveka kuposa osamwa khumi. Sewero loonetsa kalasi yonse ili chiledzerere limangolimbikitsa bodza limeneli, n'kumusiya wosamwa akudziona ngati wotsalira.

Kuchokera pa zimene apezazo, konzani sewero lalifupi, la mphindi 10 kapena 15, lofika pamalo amodzi ovuta n'kuima pomwepo. Mwachitsanzo, ndi Loweruka madzulo ndipo mnyamata wathu wangotuluka koonera mpira wa ku England, timu yake itapambana. Amene akumupatsa kabotolo si chigawenga ayi, koma mkulu wina wa kabaza amene amamunyamula ulere mvula ikamagwa, amenenso anamubwereka ndalama ya mayeso bambo ake atalephera. Akuti, “Mng'ono wanga, timu yawina, ukandikana lero ndiye kuti umandikondera njinga basi.” Anyamata ena akuseka, ndipo mtsikana amene iye amamufuna waima chapatali. Apa wotsogolera aombe m'manja, osewera aime chilili, ndipo afunse bwalo ngati zotere zimachitika kuno, komanso kuti mnyamatayu atani. Wopereka maganizo asangolankhula ali pansi. Abwere, atenge malo a mnyamatayo, ayese yekha.

Ntchito yaikulu ili kwa wosewera gawo la wa kabaza uja, ndipo asagonje msanga. Wina akabwera n'kunena kuti “mowa ndi woipa, umawononga tsogolo,” iye aseke n'kuyankha monga angayankhire munthu weniweni, kuti “nanga ine tsogolo langa lawonongeka, si ndine ndakulipirira mayeso?” Oonerera adzaona okha kuti yankho la m'buku lakanika, ndipo wachiwiri adzayesa nthabwala, wachitatu adzanamizira kuti akumwa mankhwala a malungo, wachinayi adzapempha kuti amugulire chipisi m'malo mwake, wachisanu adzaitana mnzake kuti akane ali awiri. Zina zidzatheka ndipo zina zidzalephereka, koma kulepherako n'kofunikanso, pakuti n'kwabwino kuti mwana agonje pa bwalo la sukulu masana n'kuyesanso, kusiyana n'kukagonja koyamba pamsika usiku.

Musaiwale atsikana, amene masewero ambiri a mowa amangowapatsa gawo la mayi wolira pamaliro. Mtsikana nthawi zambiri sagula yekha mowa, amachita kuguliridwa, ndipo womugulirayo amakhala ndi chimene akuyembekezera. Sewero lachiwiri likhoza kuima pamene mtsikana wapatsidwa chakumwa chotsekemera pa phwando lotsanzikana ndi a Folomu 4, wopatsayo ali bambo amene walonjeza kumuperekeza pa galimoto. Pamenepa funso lisapite kwa mtsikanayo yekha, lipitenso kwa anzake amene akuona, chifukwa kawirikawiri wopulumutsa amakhala woima pambali amene walimba mtima kunena kuti tinabwera limodzi ndipo tibwerera limodzi. Wotsogolera akhale tcheru kuti zokambirana zisasanduke bwalo loweruza mavalidwe a mtsikanayo.

Sindikunena kuti muchotse nthabwala. Makolo athu ankadzudzula makhalidwe oipa ndi chiseko, ndipo kwanuko ku Dedza simufunika kuuzidwa kuti zilombo zina za gule wamkulu zimatuluka kudzanyodola anthu a makhalidwe osayenera. Wokayikira akafike ku Mua, kumalo osungirako za chikhalidwe a Kungoni, akazionere yekha. Nkhani ndi yakuti chisekocho chikugwera ndani. Chigwere wodzitama kuti iye saledzera, chigwere mabodza amene akuwanamiza amake m'mawa mwake, chigwerenso wogulitsa amene akunamizira kusaona yunifolomu. Kudzandira ndi kugwa m'matope muchepetse, kapena kuchitikire kuseri anthu angomva.

Pa tsiku loonetsa itananinso akuluakulu: mafumu, komiti ya makolo ndi aphunzitsi, amayi a mother group, apolisi a m'dera, ngakhale ogulitsa mowa amene. Malamulo a dziko lino saloleza kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, koma lamuloli limaswedwa tsiku ndi tsiku pamaso pa anthu onsewa, ndipo si chilungamo kusenzetsa mwana wa zaka 15 udindo wonse wokana pamene womugulitsa ndi womutuma ali phee. Akonzereni gawo lawo, la mayi wotcheza kachasu amene ndalama yake ndiyo imalipira fizi ya mwana wake yemwe, kuti nawonso funso liwaimitse mutu. Zimene bwalo ligwirizane zilembedwe, ndipo pakatha teremu mudzakumanenso kuti muone ngati zachitika. Musayese kupambana kwa sewero pofunsa ana kuti aphunzirapo chiyani, chifukwa onse adzayankha mokweza kuti mowa ndi woipa, ndi omwe ali ndi kabotolo m'chikwama.

Funso: Ndine mayi wa ku Ndirande. Mwana wanga wa zaka 16 wasankhidwa kuti asewere chidakwa m'sewero la gulu la achinyamata la m'dera lathu. Masiku ano amayeserera m'nyumba, ndipo akuchita bwino moti ndikuchita mantha. Anandipemphanso ndalama yogulira botolo lenileni kuti anthu akhulupirire. Kodi ndimuletse?

Yankho: Mayi, musamuletse, koma ndalama ya botoloyo musapereke. Kusewera chidakwa sikusandutsa mwana chidakwa, monganso wosewera Yudasi pa Pasaka sasanduka wopereka anzake. Ndipo mwana amene ali ndi gulu lomudikira madzulo alionse kuti akayeserere ali ndi chomutangwanitsa pa nthawi imene anzake ambiri amayamba kulawa chifukwa chosowa chochita. Mowa weniweni sufunika pa bwalo la zisudzo ngakhale dontho. Botolo lochotsedwa chizindikiro cha kampani, lothiramo madzi kapena tiyi wozizira, limakwanira, ndipo mtsogoleri wa gulu amene angatume mwana wa zaka 16 kukagula mowa akumulowetsa m'zinthu zoswa lamulo. Kaonaneni naye mtsogoleriyo kuti mudziwe ngati pempholi linachokera kwa iye kapena kwa mwanayo, chifukwa ngati linachokera kwa mwanayo ndiye kuti pali nkhani ina yofunika kuitsata.

Manthawo musangokhala nawo mumtima. Tsiku lina akamaliza kuyeserera, mufunseni mosakalipa kuti mayendedwe ndi malankhulidwe amenewo anawaonera kwa ndani, ndiponso kuti munthu amene akumusewerayo anayamba kumwa chifukwa chiyani. Mwana amene sangakuuzeni za iye mwini amatha kukuuzani zambiri kudzera mwa munthu wa m'sewero. Dzina la m'sewerolo likayamba kumumatirira m'makwalala, iye n'kumalikonda kuposa lake, pemphani gululo kuti limupatse gawo lina pa sewero lotsatira.

Funso: Ndine mtsogoleri wa achinyamata pa mpingo wina ku Kasungu. Tikukonza sewero loti tikaonetse m'midzi, koma tagawanika. Ena akufuna tinene kuti mowa uliwonse ndi tchimo ndipo umapengetsa munthu, pamene ena akuti tikatero tikakhumudwitsa mafumu ndi makolo amene amaphika masese pa miyambo. Kodi tinene zoona ziti?

Yankho: Achimwene, nkhani ya tchimo ndi ya mpingo wanu ndi abusa anu, ndipo tsamba lino silingaigamule, pakuti mipingo imene imasiyana pa nkhaniyi. Ndingokukumbutsani kuti buku la Miyambo, mutu 23 kuyambira ndime 29 mpaka 35, ndi sewero lathunthu palokha: maso ofiira, mabala osadziwika kumene achokera, munthu wonga wogona pakati pa nyanja, amene akulakalaka kudzuka kuti akafunenso wina. Wolembayo anafotokoza zimene anaona, ndipo inunso mutero. Koma zoti mowa uliwonse umapengetsa musazinene, chifukwa agogo amene amwa masese kuyambira nthawi ya Kamuzu adzakhala ali pompo bwinobwino, ndipo bodza limodzi lidzagwetsa zoona zanu zonse.

Zoona zimene zilipo n'zokwanira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2024 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa, ndipo 2 miliyoni mwa iwo anali amuna. Ubongo wa munthu umapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25, makamaka mbali yakutsogolo imene imathandiza kudziletsa ndi kuganizira zotsatira, ndipo woyamba kumwa ali wamng'ono amakhala pa chiopsezo chachikulu chodzakodwa mu uchidakwa akakula. Koma zinthu zotere asazinene wosewera ngati akuwerenga nkhani pa wailesi. Azinene wotsogolera pa nthawi ya zokambirana, kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo amene mwamuitana, pamene oonerera afunsa okha.

Choona chimene ndikufuna chilowe m'sewero lenilenilo ndi kusiyana kwa ukali wa mowa. Mowa wamba wa m'mabotolo uli ndi mphamvu yoledzeretsa ya pafupifupi 5 peresenti, pamene mowa waukali wa m'timabotolo umafika cha m'ma 40 peresenti. Ndiye kuti kabotolo ka mamililita 200, kamene mnyamata amakabisa m'thumba la buluku n'kukamalizira kuseri kwa kalasi, kali ndi mphamvu yofanana ndi mabotolo pafupifupi asanu a mowa wamba. Chiwindi sichithamangitsidwa, chimachotsa mowa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya nsima yambiri pambuyo pake sikuchifulumizitsa. Apa ndi pamene mungagwirizane ndi mafumu m'malo molimbana nawo. Mowa wa makolo unkaphikidwa pa nyengo yake, pa dima kapena pa mwambo, unkamwedwa pagulu akuluakulu akuonana, ndipo ana ankapatsidwa thobwa. Umene ukuvutitsa lero ndi wotchipa, waukali, wosavuta kubisa, ndipo umapezeka m'mawa ndi usiku womwe. Boma la Zambia linaletsa timapaketi ta tujilijili mu 2012, lathu linaletsa masacheti mu 2015 ndipo mu 2017 linakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo timene ena amati midoli. Palinso wosadziwika kumene wapangidwira, monga uja anthu anautcha “ambuye n'tengeni,” umene anthu angapo anamwalira ataumwa mu Blantyre mu 2024. Mowa wosakanizidwa ndi mankhwala a poizoni otchedwa methanol umatha kuchititsa khungu kapena kupha ngakhale munthu wamwa pang'ono. Mfumu yanzeru ikamva nkhani itaikidwa chotero imakhala mbali yanu.

Muikemonso kachigawo kamodzi kopulumutsa moyo. Achinyamata ambiri akaona mnzawo wakomoka ndi mowa amamubisa m'chipinda n'kumugoneka chagada kuti makolo asadziwe, ndipo ena amafa atatsamwidwa ndi masanzi awo omwe. Onetsani pa bwalo mmene amamugonekera cham'mbali kuti masanzi atuluke, osamusiya yekha, osamukakamiza kumwa kapena kudya kanthu, ndipo ngati sakudzuka pomugwedeza kapena akupuma mwapatalipatali athamangire naye kuchipatala. Itanani oonerera awiri ayesere pomwepo.

Funso: Gulu lathu la zisudzo ku Kawale mu Lilongwe lilibe ndalama. Wamalonda wina wopikulitsa mowa walonjeza kutilipirira galimoto, zovala ndi zokuzira mawu kuti tizungulire m'masukulu ndi sewero la mowa, bola dzina la bizinesi yake lilembedwe pa malaya athu. Kodi tivomere?

Yankho: Funso lanu likuzunguza anthu ngakhale kumayiko olemera. Ku Britain kunayambika pulogalamu ya zisudzo yotchedwa Smashed, imene imazungulira m'masukulu kuphunzitsa ana kuipa kwa kumwa mowa asanakule, ndipo inafalikira m'mayiko ambiri, ena a mu Africa muno. Imathandizidwa ndi Diageo, kampani yopanga Guinness, Smirnoff ndi Johnnie Walker. Oikira kumbuyo pulogalamuyi amati imafikira ana ochuluka amene palibe wina akanawafikira. Koma mu 2022 ofufuza ena, ambiri mwa iwo a ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, atasanthula zipangizo zophunzitsira za mapulogalamu a m'masukulu othandizidwa ndi makampani a mowa, kuphatikizapo imeneyi, anadandaula kuti zimakankhira mlandu kwa mwana ndi anzake, zimaonetsa kumwa ngati chinthu chimene munthu wamkulu amangoyenera kuchita, ndipo zimalambalala mbali imene makampaniwo amatengapo.

Maganizo anga ndi akuti musavomere momwe walonjezeramo. Dzina la wogulitsa mowa pa chifuwa cha wosewera amene ana akumusirira ndi kutsatsa malonda, ngakhale pakamwa pa wosewerayo pakutuluka chenjezo. Kuti mudziwe mtima wake, muuzeni kuti m'sewero lanu muli munthu amene amagulitsa mowa kwa ana ovala yunifolomu, kuti gawolo simulichotsa, ndiponso kuti dzina lake silidzalembedwa paliponse. Akapitirizabe kufuna kuthandiza, khalani pansi muganizire. Akabwerera m'mbuyo, mwadziwa chimene ankafuna kugula. Komanso zisudzo za mtunduwu sizidya ndalama zambiri monga mukuganizira. Sizifuna nsanja kapena zokuzira mawu, chifukwa zimayenda bwino ndi anthu 50 kapena 100 atakhala mozungulira, osati sukulu yonse pakamodzi. Chipewa, chitenje ndi benchi imodzi zimakwana. Yambani ndi masukulu amene mungafikeko wapansi, ndipo kaonaneni ndi ofesi ya achinyamata ya kukhonsolo komanso mabungwe amene amagwiritsa kale ntchito zisudzo, monga CRECCOM ndi YONECO a ku Zomba, muwafunse za maphunziro a otsogolera zokambirana.

Funso: Ndine mtsikana wa Folomu 2. Kusukulu kwathu kunabwera gulu la zisudzo, ndipo m'sewero lawo munali bambo woledzera amene amamenya mkazi wake n'kugulitsa chimanga cha m'nyumba. Bambo anga amachita zomwezo, ndipo anzanga akudziwa. Anthu akuseka, ena ankanditembenukira n'kumanditchula dzina. Ndinachokapo sewero lisanathe, ndipo panopa sindikufuna kupita kusukulu. Ndichite chiyani?

Yankho: Mwana wanga, pepa kwambiri, ndipo wachita bwino kulemba. Kumwa kwa bambo ako si mlandu wako. Sunakuyambitse ndiwe, ndipo si udindo wako kukuthetsa. Uchidakwa ndi matenda, ndipo pali malo othandiza anthu otere, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, chipatala cha matenda a maganizo cha ku Zomba, komanso zipatala za m'maboma zimene zimakhala ndi anamwino a matenda a maganizo. Koma owatengera kumeneko ndi akuluakulu. Chimene ungachite iwe n'kupeza munthu wamkulu mmodzi amene umamukhulupirira, kaya ndi azakhali, aphunzitsi aakazi, kapena mmodzi wa amayi a mother group, n'kumuuza zonse, za kunyumba ndi za kusukulu zomwe. Ngati kunyumba kuli kumenyana ndipo ukuopa, imba nambala yaulere yothandiza ana ya 116, kapena pita ndi wamkuluyo kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Bambo akabwera ataledzera usalimbane nawo kapena kulowa pakati pa ndewu. Tenga ang'ono ako upite kwa oyandikana nawo nyumba amene munagwirizana nawo kale. Kusukulu bwerera Lolemba likubwerali, ndipo ngati n'kotheka wamkulu amene wamuuzayo akuperekeze kwa ahedi kuti nkhani ya okutchula dzinawo ikambidwe.

Kalata imeneyi ndikufuna aiwerengenso onse amene ndawayankha pamwambapa. Pa gulu lililonse la ana amene mudzawaonetse sewero la mowa padzakhala ena amene usiku wathawo sanagone chifukwa cha zomwe mukusewerazo. Musanayambe, wotsogolera anene momveka kuti nkhaniyi si ya banja la munthu aliyense wa pano, ndiponso kuti kutchula dzina la mnzako n'koletsedwa. Pa zokambirana musafunse kuti ndani ali ndi kholo lomwa mowa. Munthu wa m'sewero asavale kapena kuyenda mofanana ndi chidakwa chodziwika cha m'mudzimo, ngakhale osewera atakuuzani kuti anthu aseka kwambiri. Ndipo sewero likatha, mphunzitsi mmodzi kapena mlangizi atsalire pamalo odziwika kwa theka la ola, ana atauzidwa kale kuti ali pamenepo ndipo aliyense angathe kupita yekha kukalankhula naye.